Pampu ya Mkamwini Wanga

Chaka chimene aphunzitsi a Nedson anawasamutsira ku Simlemba, mudzi wathu wonse unatsala wopanda pampu ya njinga. Inalipo imodzi yokha, yawo, ndipo ananyamuka nayo. Sindiwadzudzula. Anaibwereketsa zaka zisanu ndi chimodzi popanda wowapatsa ngakhale dzira.

Ine nkhawa yanga inali pa Consolata, mwana wanga wotsiriza. Anali woyembekezera koyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo anamwino a kuchipatala cha mishoni anamuuza mosabisa kuti mwana wagona mopingasa. Anati asayerekeze kuchirira kwa azamba, zikangoyamba athamangire kuchipatala. Kuchokera kwathu ku Lisasadzi kukafika kumeneko ndi mamailosi asanu ndi awiri a mchenga. Inali nyengo yogulitsa fodya, ngolo zonse zili pamsewu ndi mabelo. Chimene chinatsala ndi njinga ya mwamuna wake, a Masautso.

Njingayo inali yolimba ndithu, kupatula tayala lakumbuyo. Chubu chake chinali ndi zigamba khumi ndi zinayi, zina zogona pamwamba pa zinzake, ndipo machubu atsopano anali atasowa m'masitolo monse chaka chimenecho. Mukalipopa tayalalo limakupirirani mailosi imodzi ndi theka, kenako n'kuphwa. Valavu yake inapindika tsiku lina njinga itagunda chitsa, choncho popopa pankafunika anthu awiri, wina wopopa, wina wokanikiza paipi pa valavu ndi zala. Nkhani inali yosavuta. Tinkafunika pampu yoyenda nayo panjira.

Chovuta chinali a Masautso.

Kwathu kuno mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi ake aakazi, sadyera nawo pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Ndi mwambo, sindikuutsutsa. Koma anthu amauchita mwa mlingo wake. A Masautso anautenga ngati ntchito ya boma. Tsiku lina atandiona ndikuchokera kuchitsime anadumphira m'chitedze, anakanda thupi masiku atatu. Tsiku lina anakhala m'nkhokwe kuyambira mmawa mpaka dzuwa lili paliwombo, chifukwa ine ndinakhala pansi pake ndikusenda mtedza, osadziwa kuti muli munthu. Ndinawaphera nkhuku kawiri kuti amasuke. Nkhuku anadya, manyazi anasunga.

Mawu athu onse ankadutsa mwa Consolata. Consolata akachokapo, a Masautso ankatuma chilichonse chimene chili pafupi. Ndinawamvapo akuti, "Mbuzi iwe, uwauze amayi kuti khasu lawo lili kuseri." Mbuziyo inangopitiriza kudya, koma khasu ndinalipeza.

Kuboma a Masautso anapitako katatu kukagula pampu. Ulendo woyamba anabwera ndi belu. Wachiwiri anabwera ndi nkhani yakuti mapampu alipo atatu ndipo onse ndi abwino. Wachitatu anabwera ndi mutu wowawa. Mimba ya Consolata inali itatsika kale.

"Consolata," ndinatero ndili pakhonde pawo, "uwauze amuna akowo kuti mawa tipita tonse, ine ndi iwo. Atenge njinga tikayesere pomwepo."

Chitseko chinayankha. "Consolata, uwauze amayi kuti zikomo."

Tinanyamuka mmamawa. Ine ndinkayenda mumsewu, a Masautso ankakankha njinga m'minda, m'mbali mwanga koma patali, akulimbana ndi mizere ndi mapesi a fodya. Ndinkangomva belu likulira lokha pa mzere uliwonse. Msewu ukakhota, belu limakhotanso.

Polowera paboma panali amuna atatu a chipani, atayika benchi pansi pa mtengo, akuona makhadi. Langa ndinamasula pansonga ya chitenje n'kuwaonetsa. Kenako wamkulu wawo, bambo wonenepa wa chipewa, anaona udzu ukugwedezeka.

"Uyo akuzemba ndani?"

Awiri aja anathamanga n'kubwera nawo a Masautso, njinga ili m'manja. Khadi anali nalo. Analitulutsa m'thumba n'kulipereka chafutambuyo, nkhope ataloza kutchire.

"Tembenukani kuno," anatero wachipewayo.

A Masautso sanatembenuke.

"Munthu ali ndi khadi, koma akuyenda m'tchire ndi njinga yakuphwa, ndiponso akubisa nkhope. Bambo, mwachokera kuti? Akutumani ndani?"

Ndinaona kuti tikachedwa pamenepa tigona kupolisi. "Ndi mkamwini wanga," ndinatero.

Wachipewa uja anavula chipewa chake.

"Mukanatero kale, mayi. Inenso ndili pachikamwini. Dzana lomweli ndinawoloka dambo madzi ali m'chiuno, mlatho ulipo." Anatembenukira anzakewo. "Imani pakati pawo."

Ndiye tinalowa m'boma chotero, ine mbali iyi, a Masautso mbali iyo, amuna awiri a chipani akuyenda pakati pathu ngati mpanda. Anthu a pamsika ankaganiza kuti tamangidwa. Mayi wina wogulitsa tomato anandigwedezera mutu mwachisoni.

Sitolo ya a Kalekeni ndi chipinda chimodzi, chodzaza maunyolo, masipoko ndi zishalo. Mwini wake anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Poti chipinda n'chimodzi, a Masautso anazungulira kuseri n'kukaima pa kawindo, msana ataulozetsa mkati. A Kalekeni sanadabwe.

"Alamu anga aja abweranso," anatero. "Lero ndiye abwera ndi boma lenileni."

Anayala mapampu atatu pakauntala ngati nsomba.

Yoyamba inali yofiira, yonyezimira, munthu n'kudziona nkhope. "Iyi amakonda akalaliki a paboma," anatero a Kalekeni. "Mpweya wake ndi waulemu." Ndinatseka kukamwa kwake ndi chala n'kukankha. Inausa moyo ngati munthu wodwala chifuwa. Ndinaikankhira pambali.

Yachiwiri inali yakuda, yachitsulo, yaitali ngati mkono wanga, yokoleka pa felemu ya njinga. Kapaipi kake kanali kotalika ngati chala, kobisika mkati mwa chogwirira. Nditaiyesa inandikankha chala mpaka chinalira.

Yachitatu inali pansi, chifukwa pakauntala ikanathyola thabwa. Inali yopondera ndi phazi, yochokera ku esiteti ina kumene ankapopera nayo mathirakitala, yolemera ngati mtondo. Paipi yake inali mayadi awiri.

"Ndatenga yakudayi," ndinatero.

"Dikirani, mayi. Pampu sasankha ndi chala. Ku Joni tinkasankha ndi khutu." Anatenga yofiira ija n'kuipopa pafupi ndi khutu langa. "Mwamva? Tsopano mverani iyi."

"Sindikugula wayilesi, a Kalekeni."

Pa kawindo panamveka kutsokomola. "A Kalekeni, muwafunse amayi ngati aiona yaikuluyo."

"Mayi, akuti mwaiona yaikuluyo?"

"Ndili ndi maso. Muwafunse adzainyamulira pati, Consolata ali pa kaliyala."

A Kalekeni anapita pa kawindo, ananong'onezana, n'kubwerera. "Akuti adzaisenza pamutu."

"Nanga njinga adzakankha ndani?"

Anapitanso. "Akuti adzaganiza."

"Aganiza maulendo atatu. Muwafunse bwinobwino, chimene akuikondera chipampu chimenechi n'chiyani?"

Ulendo uno kunong'onezana kunatenga nthawi. A Kalekeni anabwerera akukanda kumutu.

"Akuti yakudayo ndi yabwino, sakukana. Koma paipi yake ndi yaifupi. Akuti tsikulo Consolata sadzatha kuwerama, ndiye wogwira valavu mudzakhala inuyo. Akuti wopopa ndi wogwira valavu, mitu yawo ingagundane."

Ndiye nkhani yake inali imeneyo. A Kalekeni anandiuza kuti maulendo onse atatu aja a Masautso sanapope pampu ngakhale imodzi. Ankabwera ndi kachingwe, n'kuyeza mapaipi, n'kukhala pakhonde akuusa moyo mpaka sitolo kutseka.

"Muwauze," ndinatero, "kuti mwana wanga sadzachirira pamsewu chifukwa choopa mutu wanga. Mutu wanga si wa galasi."

A Kalekeni anapita pa kawindo. "Akuti mwaganiza mwanzeru, alamu, ndipo akuthokoza ulemu wanu."

"Sindinanene zimenezo."

"Ndakonzako pang'ono, mayi. Mawu a apongozi sapereka osasenda."

Kenako anaomba m'manja kamodzi n'kulowa pansi pa kauntala. Anatuluka ndi paipi yakale ya mphira, ya chopopera mankhwala pa nazale ya fodya, yokulungidwa ngati njoka. Inali mayadi asanu. Anati tiilumikize ku pampu yakuda ija, timange polumikizira ndi mphira za chubu chakale, ndiye pampu ikhala yaing'ono monga ndikufunira ine, paipi yaitali monga akufunira iwo.

Ndinaiona paipiyo. Inali ndi ming'alu ngati chidendene changa. Koma dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinali nditasiya mtedza pamphasa, nkhuku zili pabwalo. Ndinavomera. Pa kawindo panamveka mawu akuti, "A Kalekeni, muwauze amayi kuti Mulungu awadalitse."

Mawa lake tinaiyesa kunyumba. Ine ndinagwada pa tayala, a Masautso anakaima kuseri kwa nkhokwe ndi pampu, paipi itagona pabwalo pakati pathu. Anapopa. Palibe chinachitika. Anapopanso. Mpweya unafika atapopa makumi anayi, wotopa, ngati kalata yochokera ku Joni. Atafika pa makumi asanu ndi anayi tayala linalimba ndithu. Anthu a m'mudzi amene anabwera kudzaonerera anati ndi luso lalikulu, ndipo akamwini awiri anafunsa ngati a Kalekeni ali ndi paipi ina.

Zinayamba Lachinayi la sabata yotsatira, dzuwa litangokwera, tikusankha fodya m'chigafa. Consolata anagwira nsanamira n'kunena kuti, "Amayi." Sanafunike kunena zambiri. Ndinamanga nsalu ndi beseni, ndinaika mtsamiro pa kaliyala, ndinaponya m'thumba mpeni wanga wodulira fodya poti sindiyenda wopanda mpeni. Tinamukhazika cham'mbali. A Masautso anagwira mahandulo akuyang'ana kutsogolo, paipi ataikulunga paphewa, ine ndili kumbuyo nditamugwira Consolata m'chiuno. Kuyenda kokha kunalibe vuto. Munthu wokankha njinga sayang'ana kumbuyo.

Tayala linaphwa koyamba pa mtengo wa mango wa pamphambano. Tinamutsitsa Consolata, anakumbatira mtengowo. A Masautso anatambasula paipi n'kukabisala kuseri kwa tchire. Makumi asanu ndi anayi aja ndinawawerenga ndekha, mano nditaluma. Tinapitirira.

Kachiwiri linaphwa pafupi ndi dambo. Apa zowawa zinali zikubwera pafupipafupi, ndipo Consolata anatsika n'kugwada mumchenga. Mbali yathu kunalibe pobisala, ndiye a Masautso anawoloka msewu n'kukaima kuseri kwa chulu, paipi itapingasa msewu wonse. Asanafike pa makumi awiri, kunatulukira ng'ombe zochokera kudibi. Zinali zambiri. Zinadutsa mosapupuluma, iliyonse ikuponda paipi ija ngati yalamulidwa, ndipo yomaliza inaima n'kuinunkhiza kenako n'kuipondanso.

Fumbi litatha ndinamva pampu ikulira kuseri kwa chulu. Paipi inkachita mluzu malo atatu. Pa valavu sipankafika kanthu.

"Consolata," anatero mawu a kuchulu, "uwafunse amayi ngati mpweya wafika."

Consolata anabuula.

"Consolata, uwauze kuti sunafike," ndinatero ine. Ndikuvomera, inenso ndinali nditazolowera.

"Consolata, uwauze amayi kuti mwina uli m'njira."

Mwana wanga anadzutsa mutu, mchenga uli pachipumi. Sanakuwe ayi. Analankhula pang'onopang'ono.

"Ine si positi ofesi. Mukanditumanso kamodzi, ndichirira pompano pamsewu, ndipo nonse awiri muona limodzi zinthu zimene mwambo umaletsa zenizeni."

Ndinatulutsa mpeni. Ndinadula paipi ija pafupi ndi valavu, ndinawoloka msewu, ndinatambasula mkono kuseri kwa chulu n'kulanda pampu. Ndinamasula mphira za a Kalekeni n'kubwezerapo kapaipi kake kenikeni, kotalika ngati chala kaja. Kenako ndinabwerera pa tayala n'kugwada.

"A Masautso, bwerani kuno."

Zaka ziwiri ali pakhomo panga, aka kanali koyamba kuwalankhula popanda wodutsira. Ndinawaona akusuzumira uku ndi uku, kufuna mbuzi, galu, ngakhale nkhuku. Ng'ombe zinali zitapita. Panalibe wotuma.

Anabwera chafutambuyo, anagwada, anatsitsa chipewa mpaka pachibwano, n'kuyamba kupapasa. Anagwira sipoko. Anagwira unyolo. Anagwira bondo langa, n'kulumpha ngati agwira moto. Ndinawavula chipewacho n'kuchiponya m'beseni, ndinawapanikiza pampu m'manja.

"Popani."

Anapopa, maso atatsinzina. Pa kukankha koyamba mitu yathu inagundana, monga ananenera. Kumwamba sikunagwe. Anapopanso, mpweya unathawira pambali. Anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kuyang'ana pa zala zanga.

"Amayi," anatero, "mwagwira mopendeka. Kanikizani chakumanzere."

Ndinakanikiza chakumanzere. Ananena zoona, ndinali nditagwira mopendeka. Pamene ankapopa ndinaona nkhope ya mkamwini wanga koyamba mwapafupi. Ali ndi kachipsera pachibwano ndi nsidze zokumana. Si wonyansa ayi. Atapopa khumi ndi kawiri tayala linalimba ngati dzungu.

Linaphwanso kawiri tisanafike. Sitinataye nthawi. Ine pansi, iwo pansi, mitu gu, khumi ndi kawiri, tiyeni. Pa ulendo womaliza anandiuza kuti ndichotse chala msanga akamaliza kuti mpweya usabwerere, ndipo ine ndinawauza kuti asiye kukankhira njinga m'maenje ngati anyamula matumba a chimanga. Anati chabwino. Paipi yodukayo anali ataikulunganso paphewa, poti anati kutaya mphira ndi tchimo.

Tinafika dzuwa litangopendeka. Anamwino anamulandira Consolata pakhomo, anamugwira pamimba, n'kunena kuti tikanachedwa ola lina bwenzi tikukamba zina. Anamulowetsa, adokotala anabwera, anachita zimene anaphunzira. Dzuwa lisanalowe ndinamva kulira kwa mwana. Wamkazi, wa nsidze zokumana. Tinamutcha Dailes.

Ndinatuluka kukawauza bambo ake, ndikuganiza kuti za manyazi zatha. Atangondiona anathawira kuseri kwa thanki ya madzi.

"Thanki iwe, uwafunse amayi ngati zayenda bwino."

"Zayenda bwino. Ndi wamkazi. Tulukani kumeneko."

"Thanki iwe, uwauze amayi kuti zikomo kwambiri." Ndinawasiya alire ndi thanki yawo.

Titabwerera kumudzi zonse zinabwerera mwakale. Chitedze, nkhokwe, mbuzi. Dailes asanamere ndi dzino lomwe anali atayamba kale kutumidwa mauthenga. Paipi yaitali ija tinaimanga pakati pa mitengo iwiri, tinkayanikapo matewera.

Koma ndinazindikira chinthu chimodzi. Tsiku lina Consolata ali kuchitsime, tayala litaphwa, ndinagwada n'kugwira valavu. A Masautso anabwera, anagwada, anayamba kupopa, n'kundiuza nkhope ndi nkhope kuti fodya wa chaka chino tamuthyola mochedwa ndiponso kuti denga la khitchini yanga likufuna udzu wina. Tayala litalimba anaimirira n'kuthawa. M'mutu mwawo zinakhazikika chotero, kuti popopa njinga mwambo umayang'ana kumbali.

Machubu atsopano anafika kwa a Kalekeni mvula itayamba. A Masautso anagula chimodzi, chabwino, cha valavu yowongoka, chosafuna wogwira. Tsiku lomwelo, iwo ali kumunda, ndinatenga mwala n'kuipinda valavuyo pang'ono. Sanafunse kuti yapindika bwanji.

Kuyambira pamenepo, ndikakhala ndi nkhani ya munda, ya feteleza kapena ya sukulu ya Dailes, ndimapita kuseri kwa nyumba yawo n'kuphwetsa tayala, kenako ndimakhala pafupi n'kudikira. Nkhani yaifupi ndimaphwetsa lakumbuyo lokha. Ikakhala yaitali, onse awiri.